Bowo limodzi pathanki ya mudzi wonse

Kugula ndi kusamala choboolera cha dayamondi m'madera a tiyi a Chipinge ndi Honde Valley

Ku Honde Valley madzi sasowa njira. Ena amagwa m'mathithi a Mtarazi, ena amatsika ndi mtsinje wa Pungwe, ndipo ena amayenda mwakachetechete m'mapaipi akuda amene alimi anayala okha kuchokera ku akasupe a m'phiri kukafika m'minda ya nthochi ndi m'makomo. Pakati pa kasupe ndi mpopi nthawi zambiri pamakhala thanki, kaya ya konkire, ya njerwa kapena ya miyala yomangidwa ndi simenti. Thanki imeneyi ndiyo nkhokwe ya mudzi: imadzaza usiku anthu ali mtulo kuti m'mawa aliyense atunge.

Tsiku limafika loti thankiyo ikufunika bowo lina. Mabanja achuluka, sukulu yamanga posamba m'manja, kapena kalabu ya amayi yatsegula dimba kumunsi kwa mudzi. Komiti ya madzi imagwirizana zotulutsa paipi yachiwiri, ndipo mmisiri amabwera ndi hamala ndi tchizulo. Pofika masana bowo latheka, koma lakula kuposa paipi, ndipo m'mbali mwake mwatuluka ming'alu yopyapyala ngati ulusi. Amamata ndi simenti, anthu n'kubalalika ali okondwa. Pakapita miyezi ingapo khoma limayamba kuchita thukuta. Pofika Okutobala, kasupe atachepa mphamvu, thanki imene inkadzaza usiku umodzi imagona theka, amayi ndi atsikana n'kuyambiranso ulendo wa kumtsinje ndi zidebe pamutu.

Chipangizo chopewera zimenezi chilipo. M'masitolo a zomangira amachitcha diamond hole saw kapena core bit, ndipo ife tichitcha choboolera cha dayamondi. Chimatulutsa bowo lozungulira bwino popanda kugwedeza khoma. Koma nachonso chili ndi mwambo wake. Chogulidwa mosafunsa, kapena chogwiritsidwa ntchito mwaphuma, chimatha kufa pabowo loyamba, ndalama zimene mudzi unasonkha mwezi wathunthu n'kupita nacho.

Dziko la tiyi ndi madzi otsika okha

Chipinge ili kummwera kwa mzinda wa Mutare pamene Honde Valley ili kumpoto kwake m'boma la Mutasa, madera onse awiri m'chigawo cha Manicaland, kufupi ndi malire a Mozambique. Tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge mu 1924 pa esiteti ya New Year's Gift, ndi mbewu yochokera ku Assam m'dziko la India, ndipo dzina la kampani ya Tanganda linachokera ku mtsinje umene unkathirira munda woyambawo. Ku Honde Valley maesiteti monga Aberfoyle anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Mwa anthu amene anagwetsa mitengo, kukumba ngalande ndi kuthyola tiyi munali ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Zidzukulu zawo zilipobe m'makomboni ndi m'midzi yozungulira, ndipo ena ndi amisiri omanga, okonza mapaipi ndi mamembala a makomiti a madzi.

Kwa amene makolo awo anachokera ku Malawi, madzi otsika okha m'paipi si chinthu chachilendo. Kumeneko njira imeneyi inayesedwa koyamba ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, kenaka inafalikira m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje. Maiko awiriwa amafanananso pa tsoka. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagumula mapiri ku Chimanimani ndi Chipinge, kupha anthu oposa 300 m'Zimbabwe, ndi kukokolola milatho, mapaipi ndi malo otengera madzi. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka madola 72 miliyoni ku ntchito yokonzanso ya Zimbabwe Idai Recovery Project, imene inayendetsedwa ndi bungwe la UNOPS. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachita zofanana ku Mulanje ndi Phalombe. Mabungwe akamaliza kumanga amachoka, ndipo zokonza ndi zoonjezera zimatsala m'manja mwa eni mudzi.

Miyala ya m'mapiri amenewa ndi yolimba kwambiri: granite, dolerite ndi quartzite. Ndi yomweyo imene imaswedwa kukhala kwale wothira m'konkire, ndi yomweyonso imene amisiri amamangira makoma a mathanki. Choncho woboola khoma kuno akulimbana ndi phiri lenilenilo.

Chimapera ngati mphero

Choboolera cha dayamondi chimaoneka ngati chitini chachitsulo chopanda chivindikiro. Kumlomo kwake kuli mano okhakhala, ndipo kumbuyo kuli pomangirira ku makina a drill amene amachizunguza. Chikamalowa m'khoma chimadya mzere wozungulira wokha, pakati n'kutsala chigamphu chonga chitsononkho chimene chimachotsedwa pamapeto.

Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anaika miyala pamndandanda wa kulimba kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10. Quartz, mwala wonyezimira umene umadzaza mumchenga wa kumtsinje ndi mu granite, uli pa 7, pamene chitsulo cha mpeni wamba chimakhala pakati pa 5 ndi 6. Ichi n'chifukwa chake chitsulo chimabuntha msanga pamwala pamene dayamondi amaukanda.

Tikatchula dayamondi ku Manicaland, maganizo amathamangira ku Chiadzwa, m'dera la Marange, kumene anthu anakhamukira kuyambira mu 2006. Wa pachoboolera si ameneyo. Ndi timchenga topangidwa m'fakitale popanikiza ndi kutentha kaboni, chinthu chomwecho chimene chili m'makala ndi mumtima wa pensulo. Njira imeneyi inatheka mu Disembala 1954 m'manja mwa Tracy Hall wa kampani ya General Electric ku America, ndipo masiku ano dayamondi wambiri wotere amapangidwa ku China. Ndi bwino komiti ifotokozere achinyamata zimenezi poyera: wogulula mano a choboolera sapeza mwala wogulitsa, amangopha chipangizo cha mudzi.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi ka mphero. Timchenga ta dayamondi timapera mwala pang'onopang'ono kuusandutsa ufa. Mpeni umafuna mphamvu ndipo tchizulo imafuna nkhonya, koma mphero imafuna nthawi. Amene wamvetsa mfundo imeneyi wadziwa theka la ntchito yonse.

Mitundu yake ilipo itatu. Woyamba uli ndi dayamondi womatidwa pamwamba pokha ndi chitsulo cha nickel. Ndi wotsika mtengo, umayenera galasi ndi matailosi, umafuna madzi nthawi zonse, ndipo dayamondiyo akatha ndiye kuti watha. Wachiwiri, wolembedwa kuti vacuum brazed, uli ndi dayamondi wowotcheredwa mwamphamvu kumlomo. Zambiri za mtundu umenewu ndi zazing'ono ndi zazifupi, zimamangidwa pa grinder, ndipo zimaboola matailosi olimba ndi miyala yopyapyala. Wachitatu uli ndi mano otalikirana omwe dayamondi anasakanizidwa ndi ufa wa zitsulo mpaka m'kati. Dzino likamaperepeseka, dayamondi watsopano amatulukira. Uwu ndiwo mtundu wa konkire, njerwa ndi makoma a miyala.

Pamtundu wachitatuwu pali lamulo limene limadabwitsa ambiri. Mwala wolimba umafuna mano a chitsulo chofewerapo, kuti chiziperepeseka msanga ndi kuvundukula dayamondi wakuthwa. Njerwa ndi mabuloko a mchenga, zomwe ndi zofewa koma zokhakhala, zimafuna mano a chitsulo cholimba kuti asathe tsiku limodzi. Choboolera chopangidwira njerwa chikaikidwa pa granite chimangoterera, ndipo chopangidwira granite chikaikidwa pamabuloko chimasungunuka ngati sopo.

Musanatulutse ndalama

Funso loyamba n'lakuti kodi chipangizochi chikufunikadi. Thanki ya pulasitiki, matabwa ndi malata sizifuna dayamondi. Pazimenezi pali choboolera cha mano ngati a sowo, chotsika mtengo. Pachitsulo chokhachokha dayamondi amaonongeka, chifukwa chitsulo chikatentha chimadya kaboni wake. Ngatinso mabowo ofunika ndi awiri okha, n'kwanzeru kubwereka polipira kapena kuitana mmisiri amene ali ndi zipangizo zake. Kugula kumapindula pamene makomiti angapo, sukulu ndi chipatala cha m'dera agwirizana, chifukwa ntchito zake ndi zambiri: mabowo a mathanki, a ngalande za simenti, a mapaipi a madzi oipa, ndi la paipi ya mpweya ya mamilimita 110 pachimbudzi cha Blair, chija anayambitsa Peter Morgan ku Harare m'zaka za m'ma 1970.

Chachiwiri ndi muyeso. Mapaipi a pulasitiki ofala kumidzi ndi a mamilimita 20, 25, 32, 40, 50 ndi 63, ndipo nambalayo ndi ya kunja kwa paipi. Mapaipi achitsulo amatchulidwa m'mainchesi, koma kunja kwake n'kokulirapo kuposa nambala yotchulidwayo. Njira yosalakwa ndi kudula kachidutswa ka paipi n'kupita nako kusitolo. Ngati paipi idzamatidwa ndi simenti, bowo likulirepo kuti simentiyo ipeze malo: paipi ya mamilimita 50 imakhala bwino m'bowo la 65, ndipo ya 110 m'bowo la 127. Yezaninso kuchindikala kwa khoma. Choboolera chachifupi cha matailosi sichingapyoze khoma la miyala.

Chachitatu ndi makina amene adzachizunguze. Zomangirira zimasiyana. Za pa grinder zili ndi mazinga a M14, pamene za konkire zimabwera ndi mazinga a theka la inchi kapena a inchi imodzi ndi kota, ndipo zina zimafuna cholumikizira chogulidwa pachokha. Komiti ikhoza kubwerera kumudzi ndi choboolera chabwino chimene sichikulowa pamakina ake. Makinawo akhale otha kuzungulira pang'onopang'ono koma mwamphamvu, a chogwirira cha m'mbali, komanso a kalachi yolekerera choboolera chikakanirira. Popanda kalachi makina ndiwo amazungulira, ndipo dzanja la mmisiri limapotoka kapena kuthyoka kumene. Mabowo akuluakulu m'konkire, monga oposa mamilimita 80, amafuna makina omangidwa pachoimikira chokhomeredwa kukhoma.

Kaya mukugula ku Mutare, m'tauni ya Chipinge, ku Hauna kapena kwa amalonda odutsa pa Beitbridge, tengani nthawi yoyang'ana. Gubuduzani choboolera patebulo kuti muone ngati chili chowongoka. Onani ngati mano onse ndi ofanana msinkhu, ngati dayamondi akuoneka paliponse, ndiponso ngati powotcherera palibe mng'alu. Paketi inene zinthu zimene chimaboola, ngati n'cha madzi kapena chouma, ndi liwiro lake. Uzani wogulitsa chimene mukukaboola, ndipo ngati n'kotheka muonetseni chibenthu cha mwalawo. Safunsa anadya phula. Musaiwale lisiti, pakuti ndalama ndi za gulu.

Mtengo weniweni umadziwika powerengera bowo limodzi. Tingoyerekeza: choboolera cha madola 15 chimene chafa chitaboola mabowo atatu chadya madola 5 pabowo, pamene cha madola 60 chimene chaboola mabowo 40 chadya dola imodzi ndi theka. Manambalawa ndi ongofanizira, koma masamu ake ndi amene msungichuma ayenera kuika pamaso pa msonkhano.

Tsiku loboola

Thanki ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati isabooledwe popanda kufunsa katswiri wa zamadzi wa khonsolo ya Chipinge kapena ya Mutasa, ngakhalenso amene anaimanga. Ngati ili pamalo a esiteti, chilolezo cha eni ake chitengedwe kaye. Konkire yatsopano ipatsidwe masiku 28 kuti ikhwime. Madzi atsitsidwe mpaka pansi pa malo oboola, ndipo mudzi udziwitsidwe kudakali nthawi kuti utungiretu. Sankhani malo otalikirana ndi ngodya, ndi mng'alu wakale ndi bowo lina.

Choyamba kuonetsetsa pamakina ndi batani la hamala. Likhale lozimitsa. Kugogoda kumaswa dayamondi ndi kugulula mano, ndiponso kumabweretsa ming'alu yomwe ija tikuithawa. Popeza choboolera chimakonda kuterera poyamba, bowolani thabwa ndi muyeso womwewo, mulikhomere kapena kulitsamiritsa pakhoma kuti litsogolere. Pamatailosi ena amayamba atapendeketsa choboolera, n'kuchiwongola chikangolemba kanjira.

Liwiro limatsika choboolera chikamakula. Cha mamilimita 50 pakonkire chimafuna kuzungulira pafupifupi ka 1,000 pamphindi, pamene cha mamilimita 110 chimafuna pafupifupi theka la pamenepo. Zolembedwa papaketi ndizo zoyenera kutsatidwa. Kankhani mofatsa ndi mofanana, makina asafike polira ngati akutsamwa. Kukankha kwambiri kumatenthetsa mano, ndipo kutentha kukafika pamadigiri 700 kapena 800 dayamondi amayamba kupsa ngati khala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wa kutentha ndi madzi. Amaziziritsa mano, amatulutsa ufa wa mwala, ndipo amamiza fumbi. Makina enieni a ntchitoyi amalowetsa madzi kudzera m'kati mwa choboolera. Pomwe palibe otere, munthu wachiwiri azithira mosalekeza ndi botolo loboola pachitsekero kapena ndi sipuleya yatsopano imene sinalowepo mankhwala a m'munda. Poboola pansi, umbani kadziwe ka dongo kuzungulira malowo n'kudzazamo madzi. Madzi otuluka amanena zimene zikuchitika m'kati. Akakhala otuwa ngati phala lamadzimadzi, ntchito ikuyenda. Akalimba ngati matope, onjezani madzi. Akayera n'kumatuluka ndi tizitsulo tonyezimira, mwakumana ndi chitsulo cha m'konkire: imani, muonane ndi katswiri ngati n'koyenera kuchidula. Choboolera cha konkire chimatha kuchidula pang'onopang'ono ndi madzi ambiri, koma mano amatha msanga ndipo khoma limataya mphamvu. Zoboolera zolembedwa kuti n'zouma zimayenera njerwa ndi mabuloko, ndipo zizitulutsidwa pafupipafupi kuti zizizire ndi kutaya fumbi.

Mukatsala pang'ono kupyoza, chepetsani mphamvu kuti kuseri kwa khoma kusabenthuke. Tulutsani choboolera chikuzungulirabe pang'onopang'ono.

Bowo la dayamondi limatuluka losalala, ndipo simenti sigwira bwino posalala. Likandeni m'kati ndi kulitsuka musanamate. Simenti sigwiranso bwino pa pulasitiki, choncho amisiri odziwa amadutsitsa pakhoma kachidutswa ka paipi yachitsulo, kapena amapaka guluu wa mapaipi pa PVC n'kuwazapo mchenga kuti pakhakhale. Pomatapo pazinyowetsedwa kwa sabata yathunthu. Pomaliza thanki itsukidwe ndi kuthiridwa klorini anthu asanayambe kumwa.

Fumbi limene silituluka m'mapapo

Madzi amateteza chipangizo, koma amatetezanso chinthu china chimene sichigulidwa m'sitolo. Granite, quartzite, konkire ndi njerwa zili ndi silika. Zikaperedwa zouma zimatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limalowa mpaka pansi pa mapapo n'kukhazikika. Pakapita zaka mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu n'kumapuma mobanika ngakhale pokwera kamtunda kakang'ono. Matendawa ndi silicosis. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB.

Mabanja a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe amaidziwa nthenda imeneyi ngakhale ena sadziwa dzina lake. Ndi chifuwa chija anabwera nacho azibambo ndi azigogo ochokera kumigodi ya golide ya ku Joni. Mu Meyi 2018 makampani 6 a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka pafupifupi ma rand 5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB ndi kwa mabanja a omwalira. Khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizanowo mu Julaye 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira. Mmisiri wa kumudzi alibe kampani yodzamulipira. Chitetezo chake ndi botolo la madzi, chophimba mphuno cha N95 kapena FFP2, ndi magalasi a maso. Mpango womanga kumphuno sugwira fumbi lotere. Matope otsala akokoledwe asanaume, ndipo ana obwera kudzaonerera aimitsidwe patali.

Madzi ndi magetsi sizigwirizana, choncho pamafunika kusamala kwina. Makina alumikizidwe kudzera pa kachipangizo kozimitsa magetsi kokha pakachitika ngozi, kotchedwa RCD, kaya magetsiwo ndi a ZESA kapena a jenereta. Polumikizira nthambo pakwezedwe pamalo ouma, madzi asayenderere kulowa m'makina, ndipo woboola avale nsapato za mphira. Jenereta ikhale panja, isalowetsedwe m'thanki ngakhale pang'ono, chifukwa utsi wake umapha mosachenjeza.

Kunola ndi kusunga

Nthawi zina choboolera chimazungulira koma osalowa, mano ake akuwala ngati galasi. Ambiri amachitaya poganiza kuti chatha, chikhalirecho changobuntha: dayamondi wa pamwamba wasalala ndipo chitsulo chomugwira sichinaperepeseke kuti atuluke wina. Agogo athu mphero ikasalala ankaigogoda ndi mwala kuti ikhakhalenso. Choboolera sichigogodedwa, koma chimanoledwa poboola kangapo, mosazama, pabuloko ya mchenga ndi simenti, pamwala wa mchenga kapena pamwala wakale wonolera. Kukhakhala kwa zimenezi kumadya chitsulo n'kuvundukula dayamondi. Mukapapasa dzino n'kumva ngati msasa, chakonzeka. Njira imeneyi imathandiza mtundu wachitatu wokha. Wa dayamondi wa pamwamba ukayera, palibenso chonola.

Chigamphu chikakanirira m'kati, musamenye choboolera pamwala kapena ndi hamala. Chitini chake n'chopyapyala, ndipo chikapindika pang'ono chimayamba kugwedera ndi kukanirira m'bowo. Chimasuleni pamakina, mukankhe chigamphucho ndi kamtengo kuchokera kumbuyo kapena kudzera m'mipata ya m'mbali. Dzino limodzi likaguluka, siyani ntchito ndipo mulichotse m'bowo, chifukwa likatsalira limagulula anzake.

Ntchito ikatha, tsukani matope asanaume, pakuti amalimba ngati simenti. Pukutani, umitsani, pakani girisi pang'ono pamazinga, ndipo sungani m'bokosi lakelake, osati m'thumba limodzi ndi mahamala ndi masipanala. Kuno kumapiri, kumene nkhungu imagona m'nyumba, dzimbiri silichedwa. Zoboolera zikuluzikulu zimatheka kuikidwa mano atsopano ngati chitini chake chidakali chowongoka, ndipo ndi bwino kufunsa za zimenezi tsiku logula lomwelo.

Kope la komiti

Zipangizo za gulu sizifa ndi mwala wokha. Zimafanso ndi kubwerekana kopanda mwini, pamene aliyense akuti anachilandira chili chomwecho. Komiti isankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi ngati n'kotheka, amene aphunzitsidwe bwino, ndipo choboolera chisatuluke popanda mmodzi wa iwo. Pakhale kope lolembamo tsiku, malo, chimene chabooledwa, kuchuluka kwa mabowo, kuzama kwake ndi ndalama yolipidwa. Msinkhu wa mano uyezedwe ndi rula chisanatuluke ndi pobwera. Mano atsopano ambiri amakhala mamilimita 8 mpaka 10, choncho kopelo lidzasonyeza lokha kuti chipangizo chatsala ndi moyo wotani, ndiponso ntchito imene inachidya kwambiri.

Ndalama yobwereketsera isasakanizidwe ndi ya maliro kapena ya zakudya za pamsonkhano. Isungidwe payokha kuti mano akadzatha, chogulira china chidzakhale chilipo popanda kuyendanso khomo ndi khomo. Alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko angathandize pobweretsa pamodzi makomiti oyandikana, kuti ena agule muyeso wina, ena winanso, makina n'kukhala amodzi.

Pali bowo limodzi limene silidya dayamondi ngakhale pang'ono: lija losiyidwa tsiku lomanga. Pamene thanki yatsopano ikumangidwa, komiti ipemphe kuti pakhoma paikidwiretu timapaipi tiwiri kapena titatu toonjezera, totseka ndi zitsekero, podikira mabanja amene adzabwere ndi madimba amene adzatsegulidwe. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi choboolera chilichonse.

Koma mathanki ambiri a m'mapiri a Chipinge ndi Honde Valley anamangidwa kale, ena nthawi ya makolo amene anabwera kudzathyola tiyi, ena pambuyo pa Idai, ndipo tsiku lawo lofuna bowo lachiwiri lidzafika. Tsikulo mmisiri asadzakwere yekha ndi hamala. Adzakwere ndi choboolera cha muyeso woyenera, mnzake wonyamula madzi, ndi msungichuma atagwira kope. Ntchitoyo ingatenge m'mawa wonse, ndipo oonerera ena adzatopa n'kubwerera. Umboni wake udzaoneka mu Okutobala, khoma la thanki likadzapezeka louma kunja, madzi akutuluka pampopi wa kusukulu.